Kuseri kwa nsalu

Ku care home ya ku Selly Oak, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kuli gogo wina wa ku Scotland amene sasiyana ndi kansalu koyera kopeta maluwa. Dzina la mwana wawo analiiwala, koma mawu oti "flooerin" sanawaiwale. Akuti kwawo kale ntchito yopeta ankaitchula choncho. Dzulo nditawapatsa kansaluko, anakatembenuza n'kuyamba kupapasa kuseri kwake.

Amayi anga ankatero. Iwo anaphunzira kupeta kwa madona a ku mishoni, amene lamulo lawo linali loti kuseri kwa nsalu kuzikhala kosalala ngati kumaso. Ndili wamng'ono ndinapeta duwa lofiira, chala chonse chili mabala a singano, n'kuthamanga nalo pakhonde.

"Amayi, taonani duwa langa!"

Sanaliyang'ane n'komwe. Anatembenuza nsaluyo, zala zikuyenda pang'onopang'ono.

"Mfundo zachuluka, mwanawe. Kamasule."

Ndinakalira kuseri kwa nyumba. Ndinkati amayi sandikonda, ndipo ndinalumbira kuti sindidzagwiranso singano. Sindinaigwiredi.

Atamwalira chaka chatha, maliro awo ndinaonera pa foni chifukwa kuntchito leave anandikaniza. Pambuyo pake azakhali anandiuza kuti nthawi ija maso a amayi anali atayamba kale kuchita khungu, koma ankabisa poopa kuti anthu asiya kuwabweretsera zosoka.

Ndinawasungira chakukhosi moyo wawo wonse, pomwe duwa langalo analiyang'ana ndi maso okhawo amene anatsala nawo.