A Makiyi ndi Loko Yosatseka

A Makiyi anasunga katundu pa kampani ina ya matayala zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo zaka zonsezo sanakhulupirirepo munthu. Dzinali analitengera ku mulu wa makiyi umene unkalira pa lamba wawo. Akatseka loko ankaikoka kawiri, akafika pa geti n'kubwerera kukaikokanso. Ngakhale akazi awo akati, "Ndatseka, bambo," iwo ankapita kukagwira chitseko.

Kampaniyo itagwa, anatsala ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi komanso kalata imodzi ya abwana akale, yonena kuti munthuyu sanasowetsepo ngakhale kamsomali. Sukulu anailekeza panjira. Kalatayo inkakhala m'pulasitiki, m'thumba la m'kati la jekete, pafupi ndi mtima.

Miyezi isanu ndi inayi anayenda m'maofesi mpaka zidendene za nsapato zinapendekeka. Kulikonse nyimbo inali imodzi: "Digiri muli nayo? Siyani kalata yanuyo, tikuimbirani." Kusiya? A Makiyi? Ngakhale fotokope ankaikaniza. "Mawa mupeza mphwake wa kalaliki wafufuta dzina langa walembapo lake," ankatero.

Ndiye panali alamu awo, mchimwene wa akazi awo, munthu wa galimoto ndi mimba yake. "Alamu, mukuvutikiranji? Kuseri kwathu kuli kachipinda. Bwerani, muzitithiririra maluwa." A Makiyi za maluwawo sankafuna n'kuzimva komwe. Koma akazi awo anali atayamba kale kulongedza mbale m'makatoni. "Mwezi uno ukatha mulibe ntchito, tikusamukira kwa achimwene. Ine ndatopa."

Alamu omwewo ndi amene anawauza kuti kampani ina yogulitsa zomangira nyumba ikufuna wosunga katundu. "Akufuna ndikagwe kuti andiseke bwino," anatero a Makiyi, koma jekete anasita.

Atafika pa kampanipo anapeza benchi m'khonde, patakhala achinyamata asanu a masuti, aliyense envulopu yonenepa pa mwendo.

"Madala, mwaperekeza mwana?" anafunsa wina.

"Ndaperekeza jeketeyi," anayankha, n'kukhala kumapeto.

Moyang'anana ndi benchiyo panali chitseko chachitsulo cha chipinda cha katundu. Chinali chokankhidwa bwinobwino, koma loko ikungolendewera, kukamwa yasa. A Makiyi anaiyang'ana, iyonso ngati ikuwayang'ana. Msampha uwu, anaganiza. Asiya dala chotsegula pamaso pa anthu ofuna ntchito. Pakasowa kanthu agwira ndani? Wa digiri? Ayi, agwira mdala wa nsapato zopendekeka. Anaimirira ngati akuwongola msana, anasendera pang'onopang'ono, anakoloweka loko ija, khethe! Anaikoka kawiri n'kukhala pansi, mtima uli m'malo.

Sipanathe mphindi zitatu, chitseko chinayamba kugunda.

"Ndani watseka? Tsegulani!" Anali mawu a mzimayi.

Kalaliki anatuluka mu ofesi manja ali kumutu. "Mayo ine! Abwana ali m'katimo!"

Maso onse khumi a achinyamata aja analoza kumapeto kwa benchi. Mulu wa makiyi unatulukira pansi pa chitseko n'kudzaima pa nsapato ya a Makiyi penipeni.

"Amene mwatsekanu, tsegulani msanga!"

"Pepani mayi, chipinda cha katundu satsegula munthu mmodzi. Aitaneni alonda akhale mboni."

"Ine ndine mwini wake!"

"Mawu okha sindingadziwe, mayi. Sitinaonanepo."

Kalaliki anathamangira ku geti. Alonda atafika, a Makiyi anawaonetsa manja onse awiri kuti alibe kanthu, kenako anatsegula. Munatuluka mayi wamfupi, siketi yonse fumbi la simenti, nkhope ngati walawa ndimu.

"Inu, mu ofesi."

A Makiyi analowa akuona kale maluwa a alamu awo.

"Digiri?"

"Ndilibe, mayi."

"Kompyuta?"

"Ndinkaipukuta fumbi."

"Nanga muli ndi chiyani, kupatula kutsekera anthu?"

Anatulutsa kalata ija n'kuitambasula pa tebulo, chala chili pa ngodya. Abwana anakoka, iwo anakanikiza.

"Tasiyani ndiwerenge."

"Werengani, mayi, ine ndagwira kunoku."

Mayiwo anawerenga khosi litapendekeka. Atamaliza anati:

"Ntchito tinalengeza ija ndi ya pa kompyuta, atenga mmodzi mwa ana ali panjawo. Koma m'chipinda muja ndimafufuza penti. Chaka chino ndasintha maloko atatu, zitini zikuyendabe zokha. Mubwere Lolemba mudzagwire chitseko chimenechi. Miyezi itatu tikuoneni kaye."

Kunyumba akazi awo anawomba m'manja n'kuyamba kutulutsa mbale m'makatoni.

"Musafulumire, mayi," anatero a Makiyi. "Munthu wam'tsekera m'fumbi, iye n'kukupatsa ntchito? Pali chimene akufuna."

Foni inalira. Anali alamu. "Mwaona, alamu? Ndinakuuzani ine!"

A Makiyi anatseka foni ndi dzanja n'kunong'oneza akazi awo: "Mwamva? Awanso akudziwapo kanthu."

Lolemba analawirira, atanyamula loko yatsopano yogula okha, chifukwa ya pakampanipo sankadziwa kuti yadutsa m'manja mwa angati. Inali ndi makiyi awiri. Imodzi anamangirira pa lamba. Inayo abwana anaipempha, ndipo a Makiyi anawapatsa ndithu, koma anayamba aitana alonda kuti aone.