Babu lomwe linakongoletsa fodya wathu

Galaja yathu ku Kabudula sinalawepo galimoto. Amuna anga anaimanga chaka china fodya atachita bwino, ati galimoto idzapeze pogona pali kale. Galimotoyo mpaka lero ikadali m'njira. Ndiye m'galajamo timasankhiramo fodya, ndipo poti mulibe windo, ngakhale masana tinkadalira getsi la chubu, lalitali lija.

Bambowa chuma alibe, koma anali nacho chonyadira chimodzi: belo lawo linali lisanabwezedwepo ku okushoni. Ankazinena paliponse, kumaliro, kutchalitchi misa ikangotha, ngakhale kwa munthu wongofunsa njira.

Tsono ntchito ili pakati, chubu chija chinayamba kuphethira, chikulira ngati udzudzu, kumapeto kwake kuli bii. Amuna anga anakwera pampando n'kupotokola sitata, kachipangizo koyatsira chubucho. Zii. Anachigogoda ndi mpini wa tsache, chinayaka, iwo n'kundiyang'ana ngati aukitsa wakufa. Asanatsike n'komwe chinazimanso.

"Bambo, tiyeni tikasankhire pakhonde," ndinatero. "Dzuwa silifuna sitata."

"Kuti aliyense wodutsa aziona fodya wanga? Mayi, zamagetsi tisiyireni amuna."

Anapalasa njinga mpaka ku Nsaru. Wogulitsa anawaonetsa mababu awiri amakono aja osadya magetsi, loyera ndi lachikasu. Anatenga lachikasu, ati loyeralo likuwakumbutsa kuchipatala.

Koma abale, babulo linali ndi ulemu! Tsamba lililonse linkaoneka lofiirira bwino, lakuda ndi lobiriwira lomwe. Ngakhale ine anandiuza kuti khungu langa lasalala, mawu omwe ndinawamva komaliza tili pachibwenzi. "Chaka chino Mulungu watiyendera," ankatero akumanga masamba m'ndindi, nyimbo ya kwaya ili pakamwa. Nane ndinkamanga nawo, mano ali panja.

Mabelo anapita ku okushoni. Lole yomwe inawatenga inabwera nawo ena, akuti fodya ndi wosakaniza. Anawatsitsira pabwalo dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Titamasula, mayo ine! Wakuda, wobiriwira, wofiira, zonse m'ndindi imodzi ngati chitenje cha pa ukwati.

Mawu a dzuwa ndi sitata aja anali atafika kale pamlomo. Koma nditaona bambowo atanyamula tsamba limodzi, akulitembenuzatembenuza, chisoni chinandigwira. Ndinawameza mawuwo.

Tinasankhanso fodyayo pakhonde, odutsa akuona mmene angathere. Babu lija ndinakaliika kuchipinda, kumene bodza lake silingapweteke munthu.

Lamulungu lotsatira misa itatha, anzawo a bambowo anaima pansi pa mtengo monga mwa masiku onse, akukamba za mabelo. Mmodzi anawakodola. Amuna anga anangokweza dzanja chapatali, n'kutembenukira kwa ine.

"Tiyeni mayi, tizipita," anatero.