Tsiku limene Zuze anatsata madzi

Ndikukumbukira bwino tsiku limene aphunzitsi athu a Kamwendo anatitenga kukakwera phiri. Ife ana a kuchigwa cha Shire phiri tinkangolidziwa ndi maso, pakuti kwathu ku Chikwawa chokwera chachikulu chinali chulu. Aphunzitsiwo kwawo kunali ku Dedza, ndipo anali atatopa kutiuza ndi pakamwa za amtengatenga, anthu amene kale ankasenza katundu wa m'sitima zapamadzi kuchokera padoko mpaka ku Kabula, ku Blantyre. Anati tikaponde tokha pamene iwo ankaponda.

Ine ndinali mu Sitandade 7. Mlongo wanga Zuze anali wa kalasi yapansi ndipo ulendo sunkamukhudza, koma analira mpaka aphunzitsi anamulola. Potuluka m'nyumba amayi anandigwira mkono nati, "Marita, mwanayu ndakupatsa iwe."

Masiku amenewo gulu la anthu silinkangoyenda. Aphunzitsi anachita kukapempha chilolezo kwa atcheyamani a chipani, ndipo tinauzidwa kuti podutsa m'midzi tiziimba nyimbo za chipani mokweza. Tinaimbadi ndi mtima wonse, mpaka pamene njira inayamba kuimirira. Pamenepo nyimbo inafa yokha, kunangotsala wefuwefu. Miyala ya m'njiramo inali yosalala ndi mapazi a anthu akale, pena tinkachita kukwawa ndi manja, ndipo madiresi athu ofika kumusi kwa mawondo aja ankakola paminga iliyonse. Ntchafu zinkayaka moto. Ndinacheuka kamodzi n'kuona Shire yense, amene ankatimiza mabwato, atasanduka kaulusi pakati pa minda ya nzimbe. Mutu unazungulira, sindinacheukenso.

Dzuwa litapendeka kunayamba kuwomba kamphepo kamene sitinkakadziwa. Ife tinakulira kotentha, kumene juzi ndi chinthu chomva kwa anthu, choncho tinabwera ndi mayunifolomu okha. Posakhalitsa chifunga chinatsika, mnzako wapatsogolo n'kumangomumva kutsokomola. Zuze anali atadya masau pafupifupi thumba lonse m'njira, ndiye m'mimba munamuvuta. Anandinong'oneza kuti akupatuka pang'ono. Kamunthu kamanyazi kaja, poopa kuti atsikana amuona, kanalowa patali.

Tinadikira. Tinaitana. Kunali zii.

Aphunzitsi anatikhazika pamodzi, natuma anyamata akuluakulu kuti akwere chakumtunda akuitana. Anati munthu akasochera m'phiri amakwera pamwamba kuti aone kumene ali, ndipo kwawo mwana aliyense amadziwa zimenezo. Anyamata anapita, mawu awo n'kumazilala m'chifungamo, kenaka anabwerera okha.  M'mutu mwanga munkangobwera nkhope ya amayi. Ndikafika bwanji pakhomo ndekha?

Aphunzitsi anayenda uku ndi uku, kenaka anaima natiyang'ana.

"Tandiuzani. Kwanu kuno mwana akasochera amatani?"

Tonse tinayankhira pamodzi ngati m'kalasi: "Amatsata madzi!"

Limenelo linali lamulo loyamba la mwana wa kuchigwa. Ukasochera m'bango kapena mu udzu wa kudimba, peza khwawa, ulitsate kumene madzi akupita. Madzi onse amapita ku Shire, ndipo ku Shire sikusowa msodzi wokuperekeza kwanu. Abambo athu, omwe anali asodzi, ankatibwerezera zimenezi nthawi zonse.

Nkhope ya aphunzitsi inasintha. "Mayo ine! Kuno madzi amagwa kuphompho." Anavula nsapato, nauza onse kuti asasunthe, n'kuthamangira kumtsinje waung'ono umene tinaoloka chakumusi. Anandiletsa kuwatsata, koma aka kanali koyamba m'moyo wanga kusamvera mphunzitsi.

Miyala ya mumtsinjemo inali ndi ndere zoterera ngati therere. Ndinagwa, bondo linang'ambika, sindinamve kupweteka. Pamwala wina tinapeza njere za masau zolavulidwa kumene, ndiye tinadziwa kuti wadutsadi pomwepa. Patsogolo pathu kunkamveka mkokomo, ndipo unkakulirakulira.

Kenaka ndinamuona. Anali atakhala pathanthwe lonyowa, akudzikhwekhwereza ndi matako kutsata madzi. Kutsogolo kwa mapazi ake kunalibe mwala kapena mtengo, kunali mbuu basi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, koma aphunzitsi ananditseka ndi dzanja.

"Akadzidzimuka aterereka. Muitane pang'onopang'ono, ngati ukumuitanira chakudya."

"Zuze," ndinatero, "khala pomwepo, ndabwera."

Anacheuka, namwetulira misozi ili m'masaya. "Achemwali, mukumumva? Shire ali pafupi. Tatsala pang'ono kufika."

Ndinapitiriza kumuyankhula, sindikumbukanso kuti ndinkanena chiyani. Aphunzitsi anagona chafufumimba pathanthwepo, tayi ikukhwekhwereka m'madzi, n'kumasendera pang'onopang'ono. Dzanja lawo litafika pakolala ya malaya a Zuze anamukoka mwamphamvu, mabatani n'kuthothoka. Sipanatenge nthawi mphepo inakankha chifunga, ndipo tonse atatu tinaona pamene madziwo ankathera. Nsonga za mitengo zinali pansi kutali, zazing'ono ngati mbande za fodya. Zuze ndi pamene anayamba kulira zenizeni. Aphunzitsi anangokhala pansi atamukumbatira.

Pamwamba pa phiri sitinafike. Tinatsika mwakachetechete, Zuze ali kumsana kwa aphunzitsi, ndipo m'midzi muja palibe anakumbuka zoimba. Aphunzitsi anatiperekeza mpaka pakhomo n'kufotokoza zonse osabisa, akudziwa bwino kuti mawu amodzi okha a abambo kwa atcheyamani akanatha kuwachotsetsa ntchito. Abambo anamvetsera ukonde uli m'manja, osakweza mutu. Mtima ukawatentha ankayankhula Chisena.

"Takhuta, apfundzisi," anathokoza. Kenaka anayang'ana Zuze nati, "Mawu amene akanamupha ndinamupatsa ndine."

Ndinali ndisanaonepo abambo akulira.

Lero msewu wa phula umakwera phirilo, minibasi imakufikitsa ku Blantyre usanamalize kudya chimanga chootcha. Mitengo ija inathera m'matumba a makala, ndipo ndamva kuti njira ya amtengatenga inamera tchire. Zuze ndi bambo wa ana ake, ndipo nkhaniyi amaikamba akuseka. Ine sindinaisekepo. Ana anga anabadwira kumtunda kuno, zidzukulu zimapita malo amene ine sindinawaonepo, ndipo sindidziwa kumene madzi a kumeneko amathera. Choncho lamulo limene ndimawapatsa ndi lalifupi. Ukasochera, khala pansi pomwepo. Ndikubwera.