Mabotolo a Mayi Veronica

Mwamva za Mayi Veronica a thobwa aja? Ngati simunamve, ikani kaye pansi chimene mukumwacho. Pa doko la Kachulu akuti mayiwa, chiyambireni sukulu ya unamwino, mabotolo amene amatoleramo mkodzo wa asodzi Lolemba ndi omwewo amagulitsiramo thobwa Lachiwiri. Ena akuti amatsuka. Ena akuti amangokhuthula n'kupukuta ndi chitenje. Yasini wopalasa bwato akulumbira kuti anamwapo botolo lina lofunda mwachilendo, ndipo kuchokera tsikulo akangomva mawu akuti thobwa, m'kamwa mumadzaza malovu a mseru.

Mayiwa ndi a kwa Kuntumanji, mwana wa alimi a mpunga omwe makolo awo anachokera ku Mozambiki. Sukulu anasiyira Folomu 2 n'kukwatiwa ndi Samsoni, msodzi wa milamba, amene chaka chimene nyanja inaphwa anapita ku Liwonde kukafuna ganyu. Mpaka lero akufunabe. Ana atatu anawalera ndi thobwa la mawere, lofiirira, lokoma moti asodzi ankatsika m'bwato n'kuyamba kufunsa thobwa asanafunse ngati kunyumba kuli bwino.

Chaka cha kolera anadikirira mayi awo mu tenti ya odwala. Munthu wabwinobwino akaona zochitika mmenemo, zidebe zija, mabedi oboola pakati aja, amalumbira kuti sadzayandikiranso chipatala. Iwowa anatulukamo akusirira yunifolomu. Analowa sukulu yamadzulo, n'kulemba mayeso a Folomu 4 limodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wawo woyamba, kenaka anapeza malo pa koleji ina ya m'dera cha ku Songani. Fizi, thiransipoti, mabuku, zonse zimachokera m'thobwa. Likaima thobwa, yunifolomu yapita.

Tsono pakolejipo samangophunzitsa kumanga mabala. Palinso phunziro la luso lokhozera sukulu, lomwe mutu wake waukulu ndi wakuti wophunzira asataye nthawi. Apa ndi pamene panachokera tsoka. Aphunzitsi a unamwino atafika pa mutu wa likodzo, anauza aliyense kuti abweretse mkodzo wa anthu akwawo kuti akauone pa makina oonera tizilombo. Timabotolo ta pakoleji tinatha, ndiye anati botolo lililonse loyera ndi lomwelo. Mayi Veronica anagula mabotolo atsopano n'kuyenda nawo pa doko, ndipo amuna a m'zimbowera, tinyumba toyandama pa mabango tija, anawadzazira mosaumira. Wina wachikasu, wina wa thovu, wambiri wofiirira ngati madzi otsukira nyama. Posafuna kutaya nthawi monga anaphunzirira, anaganiza zoti ulendo womwewo akagulitsenso thobwa ku Songani. Makula awiri, mabokosi oziziritsira zakumwa aja, imodzi ya thobwa, ina ya homuweki. Onse a buluu, ogula sitolo imodzi.

Mu minibasi, kondakitala Lloyd ludzu linamugwira. Poti ndi kasitomala wakale, sanafunse, anangopisa dzanja mu kula imene inali pafupi n'kutsegula botolo. Iye akuti anangonunkhiza. Amene anakwera nawo akuti ananunkhiza ndi lilime. Chodziwika n'chakuti dalaivala anaima pakati pa msewu, Lloyd anagwada m'ngalande, ndipo madzulo nkhani inali itafika kale ku Kachulu itanenepa.

Amene anaithira mchere ndi Jameson wotchaja mafoni. Mkuluyu anaphunzirapo teremu imodzi pa koleji yomweyo za tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, akuti nanotekinoloje, ndiye chiyambire salankhula ngati ife.

"Abale anga, musanamizidwe ndi sopo," anatero ataimirira pa benchi. "Muli tinthu tina tating'ono moti tsitsi lanuli kwa ito ndi mlambe. Timalowa m'kati mwa pulasitiki n'kumanga nyumba. Botolo ngakhale mulitsuke mpaka dzanja lisupuke, timangosuzumira n'kumakusekani."

"Ndiye kuti ine ndamwa mkodzo wa Yasini?" anafunsa mayi wina woyanika matemba.

"Pang'ono pokha, mayi. Koma mwamwa."

Kulavula kumene kunachitika tsiku limenelo, mchenga wa pa doko unasanduka matope. Ndipo olavulawo ndi amuna omwe aja amene m'zimbowera mwawo chimbudzi chili kumanzere kwa khomo, potunga madzi akumwa kumanja, pamene nyanja yake ndi imodzi. Ndi anthu oti amatumbula mlamba wofufuma, ntchentche zili ng'waa, n'kutola mandasi ndi dzanja lomwelo. Lero ndiwo akatswiri a ukhondo.

Thobwa linayamba kusasa mu kula. Mayi Veronica ankakhala pamalo pawo ndi buku la ziwalo za thupi pamiyendo, anthu n'kumawalambalala ngati galu wakufa. Sabata yotsatira ku koleji sanapite, ndalama ya minibasi inasowa. Kenaka komiti ya pa doko inaitanitsa msonkhano pansi pa shedi yoyanikira nsomba, kuti ione ngati mayiwa apitirize kugulitsa kapena achoke.

A Kassimu, wapampando, anayamba ndi kutsokomola kwaulemu.

"Mayi, ife sukulu sitidana nayo. Ngakhale ineyo botolo langa ndinapereka."

"Munapereka awiri, bambo," anatero Mayi Veronica.

"Eya, zimenezo tizisiye. Anthu akuti mabotolo mumasakaniza."

"Mabotolo a mkodzo amatsala ku koleji, amakawotchedwa. Ndani anaona ndikubwera nalo ngakhale limodzi?"

"Nanga langa lofunda lija?" anakuwa Yasini ali kumbuyo.

"Achimwene, thobwa ndikangophula limakhala lozizira? Munalilanda nokha ndisanaliike n'komwe mu kula."

"Tinthu tija sitiona kuti uku ndi kula ina," anayamba Jameson. "Timatha kudumpha..."

"Iwe Jameson, teremu imodzi yomweyo? Ukanamaliza chaka bwenzi tikuopa kupuma."

Anthu anaseka, koma kuseka kogwira pakamwa. Lloyd sanaseke. Anangoti iye chiyambire tsiku lija ngakhale tiyi amayamba wamuunika padzuwa.

Apo Mayi Veronica anakoka kula, yomwe tsopano anailemba ndi penti yofiira kuti THOBWA mbali zonse mpaka pansi, anatulutsa botolo, n'kuligwedeza. Shedi yonse inabwerera m'mbuyo. Anatsegula, linachita phwii poti linali litasasa, thovu n'kutsikira m'zala. Anamwa osapumira mpaka masese a pansi, mayi wa matemba uja atatseka maso, Yasini atagwira pamimba ngati wamwa ndi iyeyo. Atamaliza anageya, kugeya kwake komveka mpaka ku mabwato.

A Kassimu anatsokomolanso.

"Chabwino, mayi. Kumwa mwamwa, taona. Koma komiti ikufuna mawu a pakamwa panu, pamaso pa anthu onsewa. Mukanena, malo anu ndi anu, mawa mugulitse. Kodi botolo limene munthu anakodzeramo linalowapo thobwa, ngakhale kamodzi, ngakhale mwangozi?"

Mayi Veronica anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kuyang'ana Jameson, kenaka Yasini, kenaka shedi yonse.

"Ayi. Sindinathirepo thobwa m'botolo la mkodzo wa munthu aliyense."