Pakati pa Alamu ndi Amayi

Mundikhululukire, anzanga, polimba mtima kulemba. Sukulu yanga inali ya pamudzi, ndipo pakati panu alipo amene anaphunzira ku Cuamba, amene akanalemba bwino kuposa ine. Koma tsiku lija tikudikira anthu oti tiwanyamule pamsika wa Insaca munkatsutsana za mota, njinga yamoto, imene imakhota bwino m'mapiri, ndipo mutandifunsa ndinangoseka. Sindinazolowere kulankhula pagulu. Yankho langa ndi ili, ngakhale likuyambira kutali.

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu kilasi yachinayi. Mudzi wathu uli kuseri kwa phiri, ndipo wopita ku Insaca amayenera kukwera kaye, kenako n'kutsikira mbali inayo. Shapa, minibasi yonyamula anthu, sinkafikako. Msewu wake ndi wofiira, wokumbidwa ndi makasu, ndipo umazungulira mwala uliwonse waukulu umene wakumana nawo. M'chilimwe pokhota paliponse pamakhala mchenga umene mvula inasiyapo, ndipo kumunsi kwake kuli nsungwi ndi chitedze.

Chaka chimenecho amayi anadzitema ndi khasu pamwendo wakumanzere. Bala silinapole. Linatupa, linayamba kutuluka madzi, ndipo ntchentche zinkawatsatira pabwalo. A enifirimeru, anamwino a pachipatala cha ku Insaca, ataliona anati lizitsukidwa ndi kumangidwa kawiri pa sabata mpaka litauma. Anawonjeza kuti akadumphitsa adzawatumiza kuchipatala chachikulu ku Cuamba, ndipo kumeneko mwendo wotere munthu sabwerera nawo kunyumba.

Bambo anali atamwalira. Munthu yekhayo wa mota m'mudzi mwathu anali a Saide, amuna a achemwali anga a Rozina. Anachokera ku Chiuta kudzakhala chikamwini pakhomo pathu, ndipo ankagulitsa nsomba zouma. Vuto linali lakuti wodwalayo anali apongozi awo. Amayi anakulira ku Malawi nthawi yothawa nkhondo, ndipo anabwerako ndi mwambo wolimba kuposa umene anapita nawo. Akakumana ndi alamu panjira, mmodzi ankapatukira m'udzu n'kuyang'ana kumbali. Sankadyera pamodzi, sankayang'anizana, ndipo mawu awo ankadutsira mwa munthu wachitatu ngakhale onse ali pabwalo limodzi. Zogwirana ndiye sizinkaganiziridwa n'komwe.

Achemwali anali ndi pakati potopa, sakanatha kukwera. Choncho anasankha ine kuti ndizikhala pakati pa awiriwo.

Mota ya alamu inali sinkwentinya, kanjinga kabuluu kamene munthu akhoza kukanyamula powoloka mtsinje. Alamu ankakhala pafupifupi pathanki. Ine ndinkapanikizika kumbuyo kwawo, mphuno ili pamalaya onunkhira utsi wa nsomba. Amayi ankakhala cham'mbali pachitsulo chonyamulira katundu, miyendo yonse kumanzere, manja atagwira chitsulocho, msana uli njo ngati ali m'tchalitchi.

Za sinkwentinya ndinene zoona. Ikakhala ndi mwini wake yekha palibe mota yomvera ngati iyo. Imakhota munthu akangoganiza zokhota, ndipo imadutsa pakati pa miyala ngati mbuzi. Koma imamvera aliyense amene wakwerapo, ngakhale wakumbuyo. Pokwera phiri inkalira ngati udzudzu m'khutu, tayala lakutsogolo likungonyambita pansi chifukwa cholemera chonse chinali kumbuyo. Potsika, alamu akapendeka kulowa pokhota, amayi ankapendekera mbali inayo, kuti thupi lawo lisatsatire thupi la mkamwini. Kanjingako kankasowa womumvera, n'kumanjenjemera pansi pathu.

"Jasinto, uwauze amayi apendekere kumanja," alamu ankatero.

Ine ndinali mwana wolangizidwa. Ndinkadziwa kuti mawu a munthu wamkulu sapita kwa wamkulu mnzake ali osavala. Ndinkatembenuza khosi n'kuyamba bwinobwino: "Amayi, alamu akuti pepani, ngati sikukuvutani, akupempha kuti mupendekereko pang'ono kumanja." Pomaliza mawuwo tinali titadutsa kale, ndipo patsogolo pathu panali pokhotera kumanzere.

"Uwauze alamu ako kuti ndamva," amayi ankayankha, n'kupendekera kumanja.

Tinayenda choncho maulendo angapo, mwayi ukutisunga. Tsiku lina potsika tinafika pokhota pamene pali mkuyu wopsa ndi mphezi, pamene mchenga ndi wakuya. Alamu anapendeka, amayi anakana, ine ndinali pakati pa "ngati sikukuvutani". Tayala lakumbuyo linaterereka ndipo tinagwa pang'onopang'ono, ngati anthu amene agwirizana zogona. Ndimakumbukira fungo la gazolina wotayika m'thanki, mchenga m'mano, ndi tayala likuzungulirabe m'mwamba. Palibe anavulala. Koma amayi anali akugubuduzikira kuchitedze, ndipo alamu, asanaganize, anawagwira mkono n'kuwakoka.

Anawasiya msanga ngati agwira mbaula yamoto. Onse awiri anatembenukirana misana. Njiwa zinkalira m'nsungwi, ine ndikudikira uthenga woti ndinyamule. Sunabwere. Tsiku limenelo amayi anabwerera kunyumba wapansi, akutsimphina, atatsamira phewa langa, alamu akukankha mota patali kumbuyo kwathu.

Kuyambira pamenepo amayi anakana kukweranso. Achemwali ankatsuka balalo ndi madzi amchere, koma fungo linabwerera, ndipo kutupa kunakwera mpaka pabondo. Amayi ankangokhala pakhonde akusenda chinangwa. Wina akatchula za Insaca ankati mwendo ndi wawo.

Mlangizi wa zaulimi atadutsa m'mudzi ndi mota yake yaitali, ya matayala amano, anadzipereka kuwatenga. Mota imeneyo ndinadzaikwera nditakula. M'mchenga ndi m'miyala ilibe inzake, imangoyenda ngati ikuponda mphasa, koma pokhota mothina munthu umamva ngati wakwera pamakwerero. Mpando wake unkawafika amayi m'chifuwa. Anauyang'ana, anayang'ana chitenje chawo, anathokoza mlangiziyo mwaulemu n'kulowa m'nyumba.

Alamu ananyamuka m'mawa mwake. Anapita ku Chiuta n'kubwerako ndi mota ya amalume awo, yofiira, yaikulu, ya mpando wautali, yozolowera madengu a nsomba. Imeneyi inali ndi khalidwe lina. Inkakwera phiri mosadandaula, mawu ake ali pansi ngati ng'ombe ikubzikula. Wakumbuyo akasuntha pang'ono inkanyalanyaza. Koma pokhota inali yamakani. Inkafuna kuti woyendetsa atsitse giya kutali, aponde buleki yakumbuyo asanafike pamchenga, ndipo onse okwera apendeke pamodzi. Mmodzi akakana, iyo inkangowongoka kulunjika kunsungwi, ndipo kulemera kwake sikunkalola kuibweza ndi phazi monga tinkachitira ndi sinkwentinya.

Tinaiyesa paphiri, alamu ndi ine, titamanga thumba la chimanga pamalo pa amayi. Tinatsika bwino kwambiri. Titafika kunyumba alamu anafotokoza mokondwa kuti sinaterereke ngakhale pamkuyu paja.

"Thumba lilibe mkamwini," achemwali anatero, akupeta mpunga.

Anapeta kanthawi, kenako anaika lichero pansi n'kuyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi sangapendekere inu, a Saide. Koma kamwana kawo aka kakamagwa, amakatsatira."

Achemwali anapita okha pakhonde pamene panali amayi. Ine ndinali pafupi ndikukonza legeni, ndipo ndinamva zonse. Sanatchule za Cuamba. Anangokhala pansi movutikira, manja pamimba, n'kufunsa kuti mwana akubwerayo adzabelekedwa ndi ndani iwo akapita kudimba. Amayi anapitiriza kusenda chinangwa. Achemwali anawonjeza kuti Jasinto amagwedera kwambiri pamota yaikuluyo, ndipo tsiku lina adzagwa ngati palibe womugwira. Zimenezi sizinali zoona, koma sindinatsutse.

"Nanga amene akumukweza mwanayo alibe maso?" amayi anafunsa.

"Maso ali kutsogolo, amayi. Kumbuyo kukufunika inu."

M'mawa mwake amayi anatuluka ndi zitenje ziwiri. Anakwera motangadza, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kufunda chitenje chimodzi pamaondo mpaka kumapazi. Ndi chinacho anandimanga pamimba pawo, mfundo ili kumsana kwawo, ngati khanda loyang'ana kutsogolo. Anzanga a mpira anali atasonkhana pansi pa mango. Mmodzi anafunsa ngati ndikayamwe tikafika kapena panjira. Ndinayang'ana pansi.

Alamu analiza mota, ndipo osatembenuka anati, "Lero usalankhule. Ukaona phewa langa latsika, igwa nalo."

Tinakwera phiri bwinobwino. Pamwamba mphepo inali yozizira, ndipo chigwa chonse chinkaoneka, utsi wa minda yotenthedwa ukukwera apo ndi apo. Kenako tinayamba kutsika. Pokhota poyamba phewa la alamu linatsikira kumanja, ndipo ine ndinadziponya nalo kuposa mmene zinkafunikira. Ndinamva amayi akukoka mpweya. Manja awo anasiya chitsulo n'kundikumbatira, ndipo thupi lawo lonse linanditsatira kuti andiwakhe. Motayo inagona pang'ono, inazungulira mwala mosalala, n'kudzuka yokha. Pokhota potsatira ndinagwera kumanzere, amayi anabweranso. Pamkuyu paja mchenga unangolira pansi pa matayala, tinadutsa.

Ndinayamba kumva msewu ndi thupi, osati ndi maso. Msana wa alamu unkandiuza, ine ndinkauza mimba ya amayi, ndipo uthenga unkafika nthawi yake chifukwa munalibe "pepani". Mtima wa amayi unkagunda pamsana panga mpaka tinafika pansi.

Pachipatala amayi atandimasula anakonza mpango wawo n'kuyang'ana kumtengo.

"Uwauze alamu ako kuti mwanayu sakhazikika. Aziyendetsa bwino."

Alamu anali akuyang'ana tayala. "Uwauze amayi kuti ndamva."

Ndinapereka mauthenga onse awiri, ndi ulemu wake wonse, popeza tsopano tinali titaima.

Tinayenda choncho chilimwe chonse. A enifirimeru anakalipa poona mmene balalo linakulira, koma za Cuamba anangozitchula kamodzi. Pang'onopang'ono fungo linatha, m'mbali mwa bala munayamba kuyera. Achemwali anachira mwana wamkazi. Anzanga anatopa kundiseka. Ndikuganiza kuti amayi anazindikira msanga kuti kugwa kwanga kunali kwadala, chifukwa pakati pa ulendo wina ndinaiwala kupendeka, ndikuyang'ana anyani pamwala, ndipo iwo ndi amene anandikankhira kumanja. Sanatchulepo, inenso sindinafunse.

Lero ndimanyamula anthu pamsewu womwewo, ndipo mota zonse zitatu ndaziyendetsa. Ngati mukufuna yankho, anzanga, yaing'ono ndi yabwino uli wekha, yaitali ndi yabwino mvula ikagwa, ndipo yaikulu ndi yabwino ngati wakumbuyo akugwirizana nawe. Ndikanyamula munthu wachilendo sindiyang'ana kulemera kwake. Ndimadikira pokhota poyamba kuti ndimve ngati akubwera nane.

Zinthu zinasintha. Apongozi anga amandiimbira foni okha, amakwera kumbuyo kwanga atagwira jekete langa, ndipo amandiuza kuti ndikuchedwa. Sindinena kuti n'zoipa. Amayi ndi alamu ndiye sanasinthe. Mpaka pano akakumana panjira mmodzi amapatukira m'udzu, ndipo amayi amapatuka ndi miyendo yawo iwiri.

Tsiku limene a enifirimeru anachotsa nsalu ya pabala komaliza n'kunena kuti amayi asabwerenso, amayi anandimangabe pobwerera. Titafika pakhomo anamasula mfundo, anakutumula fumbi pachitenjecho, n'kubelekera mdzukulu wawo. Ine ndinapita kumpira. Linali tsiku lotsatira Tsiku la Mtendere, pa 5 Okutobala.