Tambala Wodikira Che Amadu

Loweruka lapitali masana ndinapita ku Namacula, kuno ku Vila Cabral, kukaonera sewero. Musaganize za zionetsero za azungu zija timangozimvera panja. Ili linali la anyamata a kwaya, kuseri kwa sukulu ya mishoni, pafumbi penipeni. Chotchingira chinali makapulana awiri, zitenje zija, osokedwa pamodzi, bwato linali benchi logadamika, ndipo polowa umapereka dzira kapena kambale ka nyemba. Ine ndinapereka dzira, mumtima ndikuti lapita pachabe.

Nkhani yake inali yosavuta. Mlimi wa kachewere wa kumtunda kuno, Mkhristu, apalana ubwenzi ndi msodzi wa Chisilamu amene amakwera kuchokera kunyanja ndi mtanga wa usipa wouma kudzasinthana ndi chimanga. Wosewera ngati msodziyo anali mwana wa akatekisi, ndevu zake za khonje zomata ndi phala. Akati ayankhule mwamphamvu, mbali imodzi inkalendewera.

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Ndiye inafika nthawi yoti mlimi alandire mlendo wake. Anatulutsa nkhuku yeniyeni, yamoyo, naiponda mapiko, nasolola mpeni. Pomwepo kumbuyo kunabuka phokoso.

"Iwe! Ukufuna mnzakoyo agone ndi njala?" anakuwa Che Amisi, uja amagulitsa nsomba pamsika. "Mpatse mpeniwo mlendo azinge yekha!"

Aphunzitsi amene analemba seweroli ndi mlendo, anabwera chaka chatha kuchokera kumwera. Sankadziwa chimene kuno ngakhale mwana amadziwa, kuti Msilamu sadya nkhuku imene sinazingidwe ndi Msilamu. Ukakhala ndi mnzako wa kunyanja, nkhuku ndi yako, mphika ndi wako, koma mpeni umapereka kwa iye.

Wa ndevu za khonje uja analandira mpeni koma sanadziwe koyang'ana. Che Amisi analumpha miyendo ya anthu, nalowa m'sewero ndi fungo lawo la nsomba, namutembenuzira kumpoto, koyang'ana Asilamu popemphera.

"Tsopano unene Bisimila."

Mwini nkhuku, mayi wina amene anakhala kutsogolo, anadzuka kapulana ili m'manja.

"Ayi, ayi, achimwene! Nkhukuyo ndangobwereketsa, ikuikira!"

Nkhuku inapulumuka, n'kuthawira pansi pa bwato. Mukanakhalapo mukanagwa nazo. Inenso ndinaseka, kenako ndinakumbukira tambala wanga.

Kwathu ku Sanjala kuli tambala wofiira, wokalamba moti mkazi wanga amati nyama yake tsopano ifunika nkhwangwa. Ndinamusankha asanayambe n'kulira komwe. Ndinamusungira Che Amadu.

Che Amadu anali msodzi, ndipo ankakwera kuno chaka ndi chaka mvula ikatha. Tinadziwana pokangana, ine ndikuti mbale yake yoyezera usipa ndi yaing'ono, iye akuti chimanga changa n'chofumbwa. Sitipemphera m'nyumba imodzi. Chiyao changa ankachiseka mpaka misozi. Koma akafika pakhomo panga mano akugundana, ankangoti, "Achimwene, anthu a kumapiri inu munamulakwira chiyani Mulungu kuti akupatseni chisanu chotere?" Ine ndinkamufunditsa bulangeti langa, mkazi wanga n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku. Mpeni wake unkakhala wokha pa denga la khonde, ndipo sunakhudzepo nyama ya nkhumba.

Chaka china sanabwere. Anzake okwera ndi usipa anandinong'oneza kuti asipayo, apolisi aja a boma, anafika m'mudzi mwawo kudzatenga amuna okagwira chibalo cha msewu, ndipo iye anakankha bwato ndi banja lake kuwolokera ku Nyasalandi. Sananditsanzike. Akanatsanzika bwanji? Sindinena zambiri, nyuzipepala ino imawerengedwa ndi maso ambiri.

Ndamusowa munthu uja. Chisanu chikayamba, maso anga amangokhala kunjira yochokera kunyanja.

Tibwerere kusewero. Kumapeto msodzi uja anatsanzika, makapulana anatsekedwa, ndipo atatsegulidwanso tinauzidwa kuti papita chaka. Mlimi anali akukumba kachewere. Kuseri kunamveka mawu:

"Odi kuno!"

Anatulukira msodzi, mtanga pamutu, ndevu zitagweratu. Palibe anaseka.

Kenako mayi mwini nkhuku uja, amene mwamuna wake anatengedwa kupita ku minda ya tiyi ndipo sakumveka, anayankhula motsitsa mawu.

"Bwerezani pamenepo."

"Mayi, sewero latha," anatero aphunzitsi.

"Tamva. Koma bwerezani, afikenso."

Mnyamata uja anabwerera kuseri, naodiranso, natulukiranso ndi mtanga wake. Che Amisi anakuwa kuti abwerenso. Gogo wina kumbali nayenso anati abwerenso. Anafika, nafika, mpaka mawu anasasa. Wina mwa okuwawo ndinali ine, yemwe uja ndinkadandaula dzira.

Potuluka ndinamva aphunzitsi akudandaula kuti anthu a kuno ku Vila Cabral sitidziwa kuonera sewero. Akuti kwina anthu amakhala chete n'kuomba m'manja pamapeto. Mwina n'zoona. Akutinso iwo ankayembekeza kuti tidabwa ndi ubwenzi wa Mkhristu ndi Msilamu.

Tidabwe chiyani, aphunzitsi? Nkhani imeneyo makolo athu anaimaliza kalekale ndi mpeni umodzi. Wa kumtunda amafuna usipa, wa kunyanja amafuna chimanga, ndipo pakati pa kunenana kuti wandibera, anthu ankapezeka akutchulana achimwene. Chimene tinali tisanachione kwa nthawi yaitali n'chakuti munthu achoke, chaka chithe, iye n'kuodiranso pakhomo lomwelo.

Tawerengani pamudzi panu. Ndi makomo angati amene ali ndi mpando wa munthu amene palibe akudziwa ngati ali moyo? Mwamuna akatengedwa, mkazi wake timamufunsa, timamulimira nawo. Mwana akathawa, mayi wake timamupepesa. Nanga mnzako akasowa, ndani amabwera kudzakuona? Si m'bale wako, si wa mpingo wako, ndipo ukayamba kumutchula anthu amati, "Aa, uja wa usipa?" Umangomeza.

Akulu amati mapiri okha ndiwo sakumana. Ndimakhulupirira. Koma tambala sakhala zaka za phiri.

Nditafika kunyumba ndinapeza mkazi wanga akutola nyemba pakhonde.

"Bambo, Lamulungu kukubwera alamu anu," anatero. "Tambala uja tingomupha, wayamba kutsimphina."

"Gwirani ina, mayi."

Ndinatsitsa mpeni uja padenga. Unali utachita dzimbiri. Ndinaunola pamwala mpaka unayera, n'kuubwezera pamalo pake.

Inu amene mumawoloka nyanja ndi katundu, ndikudziwa kuti pepala lino limafika tsidya ilo mutakulungira sopo. Mukakumana ndi msodzi wamtali, wa chala chakumanja chopindika chifukwa cha mbedza, wodana ndi chisanu, musamufunse kuti anachoka bwanji. Mungomuuza kuti ku Sanjala tambala wake wayamba kutsimphina.

Che Amadu, nanga mpeniwu ndipereke kwa yani?