Siling'i ya Nyumba ya Ababa

Ndinaganiza zochoka ku Lichinga chaka chimene mbatata yathu ya kachewere inawolera m'munda. Ababa anali atayamba kale kutsokomola, ndipo denga la udzu la nyumba yathu ku Chiuaula linkadontha moti mabeseni ankatichepera. Ndinawauza kuti ndikupita ku Tete kukafuna ntchito, ndidzawamangira nyumba ya malata. Iwo anangoti, "Pita Saidi, koma dzuwa lakumeneko silicheza ndi munthu wa kuno."

Sananame. Ku Tete ndinalembedwa ntchito ndi mmisiri wina, mestre Armando monga tinkamutchulira, bambo wolongolola amene ankaika makina oziziritsa m'nyumba za anthu olemera. Ine gawo langa linali kukwawa m'denga masanasana, kuyala zotchinga kutentha pamwamba pa siling'i, kenako kumata mipata ya m'mawindo ndi pansi pa zitseko kuti makinawo asamadye magetsi pachabe. Mestre ankabwereza mawu amodzimodzi mpaka kutitopetsa: "Siling'i sipanga kuzizira, sipanganso kutentha. Imangosunga chimene chili m'nyumbamo." Ife antchito ake tinkangovomera kuti atileke.

Ndikamaliza kuziziritsa nyumba za eni, ndinkabwerera m'kachipinda kanga ka lendi n'kugona pa chitenje chonyowa. Pamenepo m'pamene kwathu kunkandipweteka. Ndinkasowa nkhungu ya mu Juni, fungo la mitengo ya paini, ndi mmene tinkapanikizirana pamphasa imodzi tili ana, ine ndi mng'ono wanga ndi achemwali anga Amina, amayi akuliza mkonono kuseri kwa nsalu. Nthawi imeneyo ndinkadandaula kuti akundiponda. Ku Tete ndikanalipira kuti munthu andiponde.

Ndalama ndinkatumiza pafoni, mwezi wina zochepa, mwezi wina osatumiza n'komwe, ndipo nyumba inkakwera pang'onopang'ono. Isanathe, amayi anamwalira. Uthenga unandipeza ndili m'denga la munthu, ndipo poti ife Asilamu sitigoneka maliro, ndisanatsike bwino n'komwe anali akuwanyamula. Ndinalira momwemo m'denga, mestre anandisiya ndilire. Pambuyo pake Amina anakwatiwa ku Cuamba, mng'ono wanga anapita ku Nampula kukagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, pakhomo panatsala ababa okha.

Ndikawaimbira ndinkafunsa za nyumba. "Ndi yokongola, mwanangu," ankatero. "Anthu odutsa amaima kuiyang'ana." Ndinkanyada, osazindikira kuti sananenepo kuti amagonamo bwino.

Ndinabwerera mu Juni, Amina atandiimbira kuti chifuwa cha ababa chakula. Kuzizira kumene ndinkakusowa kuja kunandilandira ndisanatsike basi, ndipo ndinakutukwana nthawi yomweyo. Pakhomo ndinapeza nyumba yanga ya malata ili ndi loko. Utsi unkatuluka m'kakhitchini kakale ka udzu, ndipo ababa anali mmenemo pamphasa, ataonda ngati nsungwi, maso ofiira.

"Ababa, nyumba yonseyi, inu n'kumagona ndi mapoto?"

"Malata ako amatuluka thukuta m'mamawa," anayankha. "Madzi ake ozizira amandidonthera kumaso. Muno bola muli moto."

Kuchipatala anali atawauza kuti utsi ndi umene ukuwamaliza. M'khitchini munali utsi, m'nyumba munali chisanu, ndipo chifuwa chawo sichikanatha kupirira china chilichonse mwa ziwirizi mpaka Julayi atatha.

Apa ndinati ntchito imeneyi ndi yanga. Ndinagula nsungwi ndi mphasa kumsika, n'kumanga siling'i m'chipinda cha kumbali yotulukira dzuwa. Pamwamba pake ndinayalapo matumba odzaza udzu wouma. Mipata ya pakati pa khoma ndi malata ndinaimata ndi dothi, pansi pa chitseko ndinakhomapo mphira wa tayala. Anthu apafupi ankabwera kudzaona, ine ndikuwafotokozera mwamatama ngati mestre weniweni. Ababa ndinawasamutsira mmenemo ndi mabulangete onse, ine n'kukagona pabalaza kuti ndisawasokoneze.

M'mawa ndinawapeza atadzipinda, manja ali zii. Madzi sanadonthe, mphepo sinalowe, koma m'chipindamo munali mozizira ngati mumtsuko. Ndinanyowetsa dzanja n'kuyamba kuliyendetsa m'mbali mwa windo ndi m'makona, monga tinkachitira ku Tete pofufuza polowera mpweya.

"Ukufuna chiyani, mestre?" anandifunsa, akuseka ndi kutsokomola nthawi imodzi.

"Pali mpata penapake, ababa."

"Mpata palibe, wamata bwino. Nyumba yakale ija inali yobookabooka, koma tinalimo ambiri."

Ndinaima ndi dzanja langa lonyowalo. Mawu otopetsa a mestre aja anandibwerera. Siling'i yanga inali kugwira ntchito yake, inkasunga chimene chinali m'chipindamo, ndipo chimene chinalimo chinali nkhalamba imodzi yowonda. Mbaula sindikanailowetsa, chifukwa makala m'chipinda chomata chonchi amapha munthu ali m'tulo. Ndinatuluka panja kuti asaone nkhope yanga.

Madzulo a tsiku limenelo ndinakoka mphasa yanga kuchoka pabalaza n'kuiyala pafupi ndi bedi lawo. Ababa anangosendeza nsapato zawo. Kutacha, galasi la windo linali ndi nthunzi mkati, ndipo manja awo anali ofunda.

Mestre anaimba kangapo kufunsa kuti ndibwera liti, nyengo yotentha ikuyandikira ndipo ntchito yachuluka. Ndinamuuza kuti chisanu chikatha. Chinatha, china chinabwera, ine ndikadali ku Chiuaula kumanga masiling'i a nsungwi m'nyumba za anthu, ndalama zake zongokwanira ufa ndi sopo. Ababa akutsokomolabe, koma pang'ono. Amauza aliyense wobwera kudzaona siling'i kuti ndimaliza mkonono ngati malemu amayi, ndipo kuyambira pamene ndinabwera iwo amagona mpaka dzuwa kutuluka.